Mafunso a Owerenga pa Zaumoyo: Lithium Wandikhazika Mtima Pansi, Koma M'mimba Mwauma

Mwezi uno talandira makalata atatu ochokera m'chigawo cha Tete, ndipo onse akukhudza anthu amene akumwa mankhwala a lithium chifukwa cha matenda a bipolar, matenda amene amachititsa munthu kukhala ndi nyengo ya nyonga yopitirira muyezo, kenaka nyengo ya chisoni chozama. Monga mwa nthawi zonse, mayina a olemba sitinawaike.

FUNSO: Ndine bambo wa zaka 41, ndimakhala ku Moatize ndipo ntchito yanga ndi yomanga nyumba. Zaka zitatu zapitazo achipatala anandipeza ndi matenda a bipolar, nditatha milungu ingapo osagona, ndikumwaza ndalama ndiponso kuyambana ndi aliyense, kenaka n'kugwa m'chisoni chachikulu. Anandipatsa lithium pamodzi ndi kapiritsi kena komwa usiku, ndipo kuyambira pamenepo moyo wanga unabwerera m'chimake. Vuto limene lilipo tsopano ndi kudzimbidwa. Ndimatha masiku anayi kapena asanu osachita chimbudzi, ndipo chikabwera chimakhala chouma ngati cha mbuzi, mpaka nthawi zina ndimaona timagazi. Popeza mankhwalawa amandikodzetsa pafupipafupi, ndinachepetsa kumwa madzi, makamaka kuntchito ndi madzulo. Azakhali anga andibweretsera mizu yowawa imene akuti imatsuka m'mimba tsiku limodzi lokha, pamene mnzanga wina akuti ndisiye mapiritsi kwa mlungu umodzi kuti matumbo apume. Pa ziwirizi ndichite chiti? Bambo wa ku Moatize.

YANKHO: Bambo, mwachita bwino kufunsa musanamwe mizuyo, pajatu akuluakulu anati safunsa anadya phula. Pa ziwiri zimene akuuzanizo musachite ngakhale chimodzi, ndipo ndikupemphani muwerenge mofatsa chifukwa chake, popeza kwa munthu womwa lithium njira yofulumira yochotsera kudzimbidwa ikhoza kukhala yoopsa kuposa kudzimbidwako.

Lithium ndi mankhwala akale ndiponso odalirika. Dokotala wa ku Australia dzina lake John Cade ndiye analemba za mphamvu yake pa matenda amenewa m'chaka cha 1949, ndipo mpaka lero ali pamndandanda wa mankhwala ofunikira kwambiri wa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO. Koma ali ndi khalidwe limodzi limene aliyense womwa ayenera kulidziwa bwino. Thupi siliphwanya lithium monga liphwanyira mankhwala ena ambiri. Amalowa m'magazi, amagwira ntchito yake, kenaka amatuluka kudzera m'impso ndi mkodzo. Impso zimamutenga ngati m'bale wake wa mchere umene timathira m'ndiwo. Choncho thupi likaperewedwa madzi kapena mchere, impso zimayamba kusunga mcherewo kuti usatayike, ndipo pousunga zimasungira kumodzi ndi lithium, amene amayamba kuchuluka m'magazi ngakhale munthu sanawonjezere piritsi n'limodzi lomwe. Mlingo umene achipatala amafuna m'magazi nthawi zambiri umakhala pakati pa 0.6 ndi 1.0 mmol pa lita, ndipo ukadutsa 1.5 mankhwala omwewo amayamba kusanduka poizoni. Mukuona nokha kuti mpata wapakati pa mlingo wochiritsa ndi mlingo wovulaza ndi wopapatiza.

Tsopano lingalirani za mizu ya azakhali. Sindikukayika konse kuti akubweretserani chifukwa cha chikondi, ndipo mukawathokoze ndi ulemu wonse. Koma mankhwala otsuka m'mimba tsiku limodzi amagwira ntchito pomutsegula munthu m'mimba mwamphamvu, ndipo palibe amene angakuuzeni kuti kapu imodzi ya madzi a mizuyo ili ndi mphamvu yochuluka bwanji. Munthu amene thupi lake lauma kale ndi dzuwa la ku Moatize, akatsegula m'mimba kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, amataya madzi ndi mchere wambiri m'maola ochepa, ndipo umo ndi mmene lithium amakwerera. Chenjezo lomweli likukhudzanso mafuta a nsatsi, madzi a alovera ophika kunyumba, mchere wotsegula m'mimba umene ena amagula m'magolosale, ndi tiyi amene amagulitsidwa pamsika kuti ndi wotsuka thupi. Kupopera madzi a sopo kotulukira chimbudzi nakonso musayese, chifukwa kumapweteka matumbo.

Maganizo a mnzanuwo ndiwo andidetsa nkhawa kwambiri. Kusiya lithium mwadzidzidzi kumabweza matenda, kawirikawiri mwamphamvu ndiponso mofulumira kuposa pamene munthu amuchepetsera mankhwalawo pang'onopang'ono moyang'aniridwa ndi achipatala, ndipo n'zodziwika kuti nyengo yotsatira kusiya kotereku imakhala ndi chiopsezo chachikulu cha maganizo ofuna kudzipha. Mwalemba nokha kuti moyo wanu unabwerera m'chimake. Zaka zitatu za tulo tabwino, za ntchito ndi za mtendere pakhomo si chinthu choti n'kuchiika pachiswe chifukwa cha vuto limene lili ndi njira zina zolithetsera. Komanso n'kutheka ndithu kuti mutasiya lithium kwa mlungu wonsewo, m'mimba simungasinthe kanthu, chifukwa mwina wolakwa si iyeyo.

Ndikutero chifukwa vuto la m'mimba limene lithium amadziwika nalo kwambiri ndi nseru ndi kutsegula m'mimba. Kudzimbidwa kumachitika ndithu kwa anthu ena omwa mankhwalawa, koma nthawi zambiri kumabwera modzera njira yokhota, ndipo m'kalata yanu ndikuonamo njira ziwiri zoonekeratu.

Yoyamba ndi madzi. Lithium amachepetsa mphamvu ya impso yosunga madzi, n'chifukwa chake mumakodza pafupipafupi ndipo ludzu silikuchokani. Inu poona kuti kukodzako kukukuvutitsani munachepetsa kumwa, chimene munthu aliyense angaganize kuti n'chanzeru. Tsoka lake n'lakuti impso sizileka kutaya madzi chifukwa choti inu mwaleka kumwa. Zimapitiriza, thukuta nalo likutenga gawo lake pamene muli pamwamba pa khoma masana, ndipo thupi limakatapa madzi amene likusowa m'matumbo aakulu, mmene chimbudzi chimadikirira kutuluka. Chimbudzi chikakhalitsa m'menemo chimauma, chikauma chimavuta kutuluka, ndipo chikavuta kutuluka chimakhalitsanso. M'chigwa cha Zambezi, kumene m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, munthu womanga nyumba amene akumwa lithium n'kumadzimana madzi ali pangozi iwiri nthawi imodzi: kudzimbidwa kumene mukukuona, ndi kukwera kwa mankhwala m'magazi kumene simungakuone mpaka kutafika poipa.

Choncho bwererani ku madzi lero lomwe. Munthu wamkulu womwa lithium amafunika malita awiri kapena atatu pa tsiku, ndipo wogwira ntchito yathukuta padzuwa amafunika oposa pamenepo, pokhapokha ngati achipatala anamuletsa chifukwa cha matenda a mtima kapena a impso. Musawamwe onse nthawi imodzi. Nyamulani chigubu chanu popita kuntchito, muzimwa pang'onopang'ono kuyambira m'mamawa, ndipo muziyang'ana mkodzo wanu: ukakhala wachikasu kwambiri ndi wochepa, ndiye kuti madzi akuperewera. Ngati kudzuka usiku ndiko kukukusowetsani mtendere, imwani madzi ambiri masana kuti madzulo mufune ochepa, koma ludzu likakugwirani usiku musalipirire. Mowa ndi kachasu sizilowa m'malo mwa madzi, ndipotu zimaumitsa thupi ndi kusokoneza tulo, chimene ndi choipa kwa munthu wa matenda anuwa. Za kukodza pafupipafupiko mukawauze achipatala, ndipo ngati mungathe, muyeze mkodzo wa tsiku limodzi lathunthu m'mabotolo kuti mukawauze kuchuluka kwake. Ukadutsa malita atatu, amafuna kuyang'ana impso, ndipo nthawi zina amasintha kamwedwe ka mankhwala, mwachitsanzo kuti azimwedwa kamodzi pa tsiku. Kusintha kumeneko ndi kwa iwo, osati kwa inu nokha.

Njira yachiwiri ndi kapiritsi kausiku kamene simunakatchule dzina. Kayang'aneni pa envulopu kapena pa khadi lanu la kuchipatala. Mankhwala angapo amene amaperekedwa pamodzi ndi lithium amafooketsa kayendedwe ka matumbo, ndipo odziwika ndi chlorpromazine, amitriptyline ndi olanzapine, komanso biperiden ndi trihexyphenidyl, amene amaperekedwa pofuna kuletsa kuuma kwa minofu ndi kunjenjemera. Clozapine ndiye woopsa kwambiri pa nkhani imeneyi, moti womwa clozapine akadzimbidwa ayenera kupita kuchipatala mosazengereza. Mapiritsi owonjezera magazi komanso mankhwala a ululu monga tramadol ndi codeine nawonso amamanga m'mimba. Ngati kapiritsi kanu ndi kamodzi mwa amenewa, musakasiye nokha. Katengeni, mukakaonetse kwa amene amakuonani, kaya ndi dokotala kaya ndi técnico de psiquiatria (wachipatala woona za matenda a maganizo), ndipo mukafunse ngati mlingo wake ungachepetsedwe kapena ngati pali kena kolowa m'malo.

Ndikudziwa kuti nkhani ya chimbudzi ndi yochititsa manyazi, ndipo ambiri akafika pamaso pa achipatala amangonena kuti zonse zili bwino, n'kulandira mapiritsi awo n'kumapita. Ndikukupemphani kuti ulendo uno mulankhule mosabisa monga mmene mwandilembera ine: masiku angati, chimbudzi chotani, magazi ochuluka bwanji, madzi mukumwa angati. Kwa achipatala mawu amenewa ndi a tsiku ndi tsiku, ndipo sangathandize vuto limene sanalimve.

Tibwere ku chakudya, kumene anthu a ku Tete simuli osowa. Matumbo amayenda bwino chakudya chikakhala ndi gaga wake, chifukwa gagayo sagayika, amasunga madzi ndipo amafewetsa chimbudzi. Nsima ya ufa woyera, umene chimanga chake chakonoledwa ndi kuviikidwa, inataya gaga yense. Ya mgaiwa ikadali naye. Ngati a pabanja panu sakonda mgaiwa, yambani ndi phala la m'mawa, kapena sakanizani ufa wa mitundu iwiriyo. Munthu wa ntchito yomanga kawirikawiri amadya buledi woyera ndi tiyi m'mawa, masana n'kudyanso buledi ndi zakumwa za m'botolo, ndipo chakudya chotere sichisiya kanthu koti matumbo akankhe. M'malo mwake nyamulani mbatata yophika yosasenda, chimanga chophika kapena mtedza. Pa ndiwo, nyemba, nandolo ndi khobwe zizipezeka kangapo pa mlungu, ndipo masamba monga nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru kapena kholowa asasowe m'mbale tsiku lililonse. Papaya wakupsa amathandiza anthu ambiri, chimodzimodzinso mango ndi mapeyala pa nyengo yake, ndipo masau ndi malambe, zimene zadzaza m'misika ya kwanuko, nazonso zili ndi gawo lake. Koma muwonjezere zakudya zimenezi pang'onopang'ono, pa milungu iwiri kapena itatu, ndipo muziyendetse limodzi ndi madzi, chifukwa gaga wambiri m'thupi louma amangotupitsa mimba ndi mpweya osatulutsa kanthu.

Matumbo ali ndi nthawi yawo. Amatakataka kwambiri munthu akangomaliza kudya, makamaka chakudya cha m'mawa, choncho dzukani msanga pang'ono kuti mukadya phala ndi kumwa madzi ofunda mukhale ndi mphindi khumi zopita kuchimbudzi mosathamanga. Chimbudzi chikakupanani muli kuntchito musachibweze, chifukwa chizolowezi chobweza ndicho chimagonetsa matumbo. Kunjuta, monga timachitira pa chimbudzi chokumba, kumawongola njira kuposa kukhala pa chimbudzi chamadzi. Amene ali ndi chamadzi aziika kampando kakang'ono kopondapo kuti mawondo akwere. Musatchime kwa nthawi yaitali. Timagazi tofiira timene mukuona kawirikawiri timachokera ku kabala kong'ambika ndi chimbudzi cholimba, kapena ku matenda a mudzi, ndipo kutchima kumawonjezera zonse ziwiri. Komabe magazi si chinthu choti munthu adziweruzire yekha, makamaka pa msinkhu wanuwo, choncho akakuoneni.

Ngati mwachita zonsezi kwa milungu iwiri koma palibe kusintha, kapena ngati pofika lero mwatha kale masiku asanu osachita chimbudzi, alipo mankhwala ofewetsa chimbudzi amene angamwedwe pamodzi ndi lithium moyang'aniridwa. Lactulose ndi macrogol amakokera madzi m'matumbo mofatsa, ndipo lactulose amatha kutenga masiku awiri asanayambe kuonetsa mphamvu, choncho musawonjezere mlingo chifukwa choti tsiku loyamba palibe chachitika. Bisacodyl ndi senna amatakasa matumbo, amamwedwa usiku ndipo amagwira ntchito m'mawa mwake, koma ndi a masiku ochepa chabe. Ufa wa ispaghula, umene ena amautcha psyllium, wapezekapo kuti kwa anthu ena umachepetsa lithium wolowa m'magazi, choncho musauyambe achipatala asakudziwa. Pa onsewa cholinga ndi chimbudzi chofewa, osati chamadzi. Mukagula pa famasi, mawu oyamba kutuluka pakamwa panu akhale akuti mumamwa lithium.

Pali zizindikiro zimene zikaoneka simuyenera kudikira tsiku lanu la sikelo ya mankhwala. Ngati mimba yatupa ndipo ikupweteka kwambiri, mukusanza, ndipo ngakhale mpweya sukutuluka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mwina matumbo atsekeka. Chimodzimodzinso chimbudzi chakuda ngati phula, magazi ambiri, kapena kuwonda kosadziwika chifukwa chake. Ndipo ngati manja ayamba kunjenjemera kwambiri kuposa kale, mukuyenda modzandira ngati woledzera, lilime likulemera polankhula, mukusanza kapena kutsegula m'mimba, mukungoodzera kapena mutu wasokonezeka, zimenezo ndi zizindikiro zakuti lithium wachuluka m'magazi. Apa ndi pokhapo pamene ndikukuuzani kuti musamwe piritsi lotsatira. Imwani madzi ndipo wina akuperekezeni kuchipatala nthawi yomweyo, mutanyamula mankhwala anu onse. Muwaphunzitse akazi anu ndi mmodzi mwa anzanu a kuntchito zizindikiro zimenezi, chifukwa munthu amene mutu wayamba kusokonezeka sadzizindikira yekha, ndipo anthu osadziwa angangoti waledzera.

FUNSO: Ndikulemba m'malo mwa mng'ono wanga wa zaka 34, amene timakhala naye kuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia. Wamwa lithium kwa zaka zisanu popanda vuto lalikulu, koma kuyambira chaka chatha akudzimbidwa kwambiri ngakhale amamwa madzi ambiri ndipo masamba sasowa pakhomo pathu. Wanenepa, amangokhala wotopa, khungu lake lauma, tsitsi likuthothoka, ndipo amafunda bulangete ngakhale masana. Amayi akuti ndi ulesi, ine ndikuopa kuti matenda achisoni aja akubwerera. Kodi tichite chiyani? Mayi wa ku Ulongwe.

YANKHO: Mayi, zikomo chifukwa chomuyang'anira mng'ono wanu mwachidwi chotere, mpaka kuona zinthu zimene mwina mwiniwakeyo sakuzilumikiza. Sindingamupime kudzera m'kalata, koma zimene mwalembazi zikaikidwa pamodzi zikuloza ku chithokomiro, ndipo ndikufuna kuti akayezedwe magazi posachedwa.

Chithokomiro ndi kachiwalo ka kutsogolo kwa khosi, kamene kamatulutsa timadzi toyendetsa liwiro la thupi lonse: kugunda kwa mtima, kutentha kwa thupi, kuganiza, ngakhalenso kayendedwe ka matumbo. Lithium amatha kukafooketsa pang'onopang'ono, kawirikawiri patapita zaka, ndipo zimenezi zimachitika kwambiri kwa amayi kuposa abambo. Kakafooka, chilichonse m'thupi chimayenda mochedwa. Munthu amanenepa asakudya kwambiri, amazizidwa, amatopa, amaiwalaiwala, khungu limauma, msambo umasokonekera, ndipo m'mimba mumamanga. Nthawi zina khosi limatupa, koma nthawi zambiri kunja sikuoneka kanthu. Kumapiri kwanuko, kumene m'miyezi ya Juni ndi Julayi aliyense amazizidwa, chizindikiro cha kuzizidwachi n'chosavuta kuchinyalanyaza, koma munthu wofunda bulangete masana anzake atavula majuzi ndi wofunika kumuganizira.

Nkhawa yanu yakuti chisoni chikubwerera si yopanda pake, chifukwa kufooka kwa chithokomiro kumafanana kwambiri ndi nyengo ya chisoni ya matenda a bipolar, ndipo kungathenso kuikulitsa. Pachifukwa chimenechi kuyeza n'kofunika, kuti asapatsidwe mankhwala ena a maganizo pamene vuto lili pakhosi. Amayi muwafotokozere mofatsa kuti umenewu si ulesi. Mawu oterowo, ngakhale anenedwe mosafuna kupweteka, amamulemera munthu amene akulimbana kale ndi thupi losamumvera.

Mukapita, mukapemphe kuti amuyeze zinthu zinayi: chithokomiro, chimene amachiyeza m'magazi ndi muyeso wotchedwa TSH, impso, kashiamu wa m'magazi, ndi mlingo wa lithium. Kashiamu ndamutchula chifukwa lithium amathanso kusokoneza tiziwalo tina ting'onoting'ono tokhala kuseri kwa chithokomiro, n'kuchititsa kuti kashiamu achuluke m'magazi, ndipo kashiamu akachuluka amabweretsa kudzimbidwa, ludzu, kukodza kwambiri ndi kufooka. Malangizo amene amatsatidwa m'mayiko ambiri ndi akuti womwa lithium aziyezedwa impso, chithokomiro ndi kashiamu miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ndipo mlingo wa lithium uziyezedwa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi iliyonse. Magazi oyeza lithium amatengedwa patadutsa maola 12 kuchokera pamene munthu wamwa piritsi lomaliza, choncho ngati amamwanso m'mawa, tsiku limenelo adikire kaye mpaka magazi atatengedwa. Ngati chipatala chapafupi sichingathe kuyeza zina mwa zimenezi, funsani kalata yokutumizani kumene angayeze, ngakhale kutakhala ku Hospital Provincial de Tete. Ndikudziwa kuti ulendo wa pa minibasi ya chapa kuchokera ku Angónia kutsikira ku Tete umadya ndalama ndi tsiku lathunthu, ndipo sindikuupeputsa; koma zaka zisanu za lithium pamodzi ndi zizindikiro zimenezi ndi chifukwa chokwanira choti abale asonkherane.

Chokulimbitsani mtima n'chakuti chithokomiro chikapezeka kuti chafooka, chithandizo chake ndi kapiritsi kamodzi pa tsiku kotchedwa levothyroxine, ndipo kawirikawiri lithium sasiyidwa. Mphamvu zimabwerera pang'onopang'ono pa milungu ingapo, ndipo m'mimba namo mumamasuka. Podikira zotsatira, apitirize madzi ndi masamba monga akuchitira, aziyenda ndawala tsiku lililonse ngakhale kwa mphindi makumi awiri, ndipo achipatala angathe kumupatsa mankhwala ofewetsa chimbudzi. Chinthu china chimene ndiyenera kutchula chifukwa cha msinkhu wake ndi ichi: ngati ali ndi maganizo otenga pathupi, kapena akukayikira kuti ndi woyembekezera, awauze achipatala msanga, chifukwa lithium amafuna kukambirana ndi kuyang'aniridwa mwapadera pa nyengo imeneyo, ndipo asasiye yekha asanaonane nawo.

FUNSO: Bambo anga a zaka 63 amamwa lithium, ndipo posachedwa awapezanso ndi BP. Aneba anawauza kuti asiyiretu mchere, ndiponso kuti akadzimbidwa azimwa soda wosungunula m'madzi. Kumpingo kwathu kukubweranso masiku osala kudya ndi kumwa, ndipo iwo akufuna kusala nawo. Kodi zimenezi zili bwino? Mnyamata wa ku Furancungo.

YANKHO: Achimwene, zinthu zitatu zonsezi zikukhudza mlingo wa lithium, ndipo kwa munthu wachikulire, amene impso zake sizilinso ndi mphamvu ngati za mnyamata, kusamala kuyenera kukhala kwakukulu.

Kuchepetsa mchere ndi malangizo abwino kwa anthu ambiri a BP, koma womwa lithium akasiya mchere mwadzidzidzi, impso zimayamba kusunga lithium ndipo mlingo umakwera. Bambo adye mchere wofanana tsiku ndi tsiku monga anazolowera, ndipo ngati kuchepetsa kuli kofunika, kuchitike pang'onopang'ono, achipatala akudziwa ndiponso akuyeza magazi. Soda amachita zosiyana: amathamangitsa lithium m'thupi, moti mankhwala amachepa mphamvu, komanso amakweza BP, pamene kudzimbidwako sakuthetsa. Kasoda kochepa kothira mu therere mwa apo ndi apo si kodetsa nkhawa, koma kumwa soda ngati mankhwala, kapena kuzolowera ufa wothetsa kutentha pamtima monga Eno, umene uli ndi soda yemweyo, aleke.

Chofunika kwambiri ndi mapiritsi a BP amene apatsidwa. Hydrochlorothiazide, enalapril ndi captopril, amene ndi ofala kwambiri, amakweza lithium m'magazi, ndipo zimachitika kuti amene akupereka mankhwala a BP sakudziwa kuti wodwalayo amalandiranso lithium kuchipinda china. Tengani mapaketi onse a bambo m'thumba limodzi, mupite nawo limodzi, ndipo mukaonetse mbali zonse ziwiri mlungu uno. Alipo mankhwala ena a BP amene sasokoneza lithium motero, ndipo achipatala adzasankha. Pa ululu wa msana kapena wa mawondo, bambo asamwe ibuprofen kapena diclofenac, chifukwa nawonso amakweza lithium. Paracetamol ndiye woyenera. Akadwala malungo, kusanza kapena kutsegula m'mimba, apite msanga kuchipatala ndipo akanene za lithium asanafunsidwe.

Za kusala, ndikulemekeza chikhumbo cha bambo chofuna kupemphera pamodzi ndi anzawo. Koma kusala kosamwa madzi n'koopsa kwa womwa lithium, ndipo kumawonjezera kudzimbidwa kumene akudandaula nako. Pitani nawo kwa abusa kapena akulu a mpingo, muwafotokozere kuti bambo ali pa mankhwala amene salola thupi kuuma, ndipo mugwirizane njira ina yoti atengere mbali, monga kudzimana zakudya zina zimene amakonda kwinaku akumwa madzi, akudya pang'ono ndiponso akumwa mapiritsi pa nthawi yake. Ngati bambo akuchita manyazi kuyambitsa okha nkhaniyi, muwapemphe chilolezo kuti muiyambe ndinu.